Chifukwa chake mapointi amathera pa 2,147,483,647

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani m'masewera ena a pa kompyuta mapointi amakaima pa 2,147,483,647 osapitirira, komanso ngati nambalayi ili ndi chapadera. Ili nacho ndithu, ndipo ine ndimaikonda kwabasi.

Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'timalo 32, kalikonse kokhala ndi 0 kapena 1. Kamodzi kamasonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndiye totsala ndi 31. Mukalemba ma 2 okwana 31 n'kuwachulukitsa onse, mupeza 2,147,483,648. Popeza kuwerenga kumayambira pa ziro, chotsanipo 1, basi mwafika pa nambala yanu ija. Mukaiwonjezera ndi 1 yekha, m'mapulogalamu ambiri imagudubukira pansi pa ziro, pa −2,147,483,648. Makina akale amene amawerenga masekondi kuyambira pa 1 January 1970 adzagunda khoma lomweli pa 19 January 2038.

Koma chimene chimanditenga mtima n'chakuti nambalayi inatchuka kalekale kompyuta kulibe. Ndi nambala ya prime, kutanthauza kuti palibe ina imene ingaigawe osatsala kanthu kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ili m'banja la nambala za Mersenne, dzina lochokera kwa Marin Mersenne wa ku France, zija zopezeka pochulukitsa ma 2 n'kuchotsa 1, monga 3, 7, 31, 127 ndi zina zotero. Si zonse zimatuluka prime ayi. Ma 2 okwana 11 amapereka 2,047, imene ndi 23 kuchulukitsa ndi 89. Yathuyi ndi yachisanu ndi chitatu mwa zimene zili prime. Onaninso kuti 31 weniweniyo ali m'banja lomweli.

Amene anatsimikizira kuti ndi prime anali katswiri wa masamu Leonhard Euler, mu 1772, maso ake atasiya kale kuona bwino. Taganizani ntchito yake. Kuti mutsimikize, muyenera kuyesa ma prime onse osapitirira 46,340, ndipo alipo masauzande. Euler sanayese onse. Anaonetsa kaye kuti prime aliyense wogawa nambalayi ayenera kusiya 1 kapena 63 akagawidwa ndi 248. Mulu wonse uja unachepa mpaka kutsala ochepa oti munthu n'kuwayesa pamanja, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anaigawa. Apa ndi pamene ndimaona kukoma kwa masamu, kuganiza kaye kusanayambe kuwerengetsa.

Pali chinanso. Prime aliyense wa Mersenne amabala nambala imene amaitcha perfect, yofanana ndi zoigawa zake zonse mukaziphatikiza, kusiya iyo yokha. Chitsanzo chaching'ono ndi 6, amene ndi 1 + 2 + 3. Yesani nokha 28, muona kuti nayenso amatero. Yobadwa kwa 2,147,483,647 ndi 2,305,843,008,139,952,128, imeneyo musavutike kuiyesa pa pepala.