Kodi Gorbachev ndiye anatulutsa Mandela m'ndende?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa ngati n'zoona kuti Nelson Mandela sakanatuluka m'ndende Mikhail Gorbachev akanapanda kusintha zinthu ku Soviet Union. Ine ndimaona kuti Gorbachev sanathetse ulamuliro wa tsankho ku South Africa, koma anagwetsa chifukwa chimene boma la azungu linkadzikhululukira nacho, ndipo zimenezi zinafulumizitsa mathero ake.

Gorbachev atatenga utsogoleri mu Malichi 1985 anapeza chuma chitafooka, nkhondo ya ku Afghanistan ikumeza ndalama ndi miyoyo ya anyamata. Cholinga chake chinali kukonza chikomyunizimu, osati kuchigwetsa, n'chifukwa chake anayambitsa perestroika pofuna kukonzanso chuma, komanso glasnost yolola anthu kulankhula poyera. Koma chimene chinagwedeza mayiko oyandikana nawo n'chakuti anakana kutumiza akasinja kukapulumutsa maboma odedwa ndi anthu awo, monga zinachitikira ku Hungary mu 1956 ndi ku Czechoslovakia mu 1968. Mantha atatha, zinthu zinayenda mwaliwiro mu 1989. Pa chisankho cha mu Juni ku Poland, gulu lotsutsa boma la Solidarity linatenga mipando 99 mwa 100 ya Senate. Ku Hungary asilikali anayamba kudula waya wa m'malire ndi Austria mu Meyi, ndipo pa 9 Novembala khoma la Berlin linatseguka.

Nanga izi zikukhudzana bwanji ndi Soweto? Kuyambira mu 1950, South Africa inali ndi lamulo loletsa chikomyunizimu, ndipo mawu ake anali otambasuka moti aliyense wodzudzula tsankho ankatha kutchedwa wachikomyunizimu. P.W. Botha, amene ankatsogolera dzikolo m'zaka za m'ma 1980, ankauza America ndi Britain kuti boma lake likagwa, migodi ya golide ndi njira ya sitima zapamadzi yodutsa ku Cape zigwera m'manja mwa Moscow. Nkhaniyi inkamveka chifukwa inali ndi poyambira: ANC, chipani cha Mandela, inkalandiradi zida ndi maphunziro a usilikali kuchokera ku Soviet Union, ndipo asilikali a Cuba pafupifupi 50,000 anali ku Angola.

Kwa ine, mfundo yaikulu ili ku Angola komweko. Nkhondo ya ku Cuito Cuanavale ya mu 1987 ndi 1988, imene asilikali a South Africa ankamenyana ndi a boma la Angola ndi a Cuba, itasonyeza kuti palibe mbali imene ingapambane mosavuta, Moscow inalimbikitsa anzake kukambirana. Pangano limene linasainidwa ku New York pa 22 Disembala 1988 linati asilikali a Cuba abwerere kwawo ndipo Namibia ilandire ufulu, umene unabwera pa 21 Malichi 1990. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti ANC nayo inapanikizika, pakuti inayenera kutseka misasa yake ya ku Angola, ndipo chiyembekezo cholanda boma ndi mfuti chinazilala. Mbali zonse ziwiri zinakankhidwira ku zokambirana. F.W. de Klerk, amene analowa m'malo mwa Botha, polankhula m'nyumba ya malamulo pa 2 Febuluwale 1990 anatchula yekha zimene zinachitika kum'mawa kwa Ulaya, kenako anachotsa chiletso pa ANC, PAC (Pan Africanist Congress, chipani china cholimbana ndi tsankho) ndi chipani cha chikomyunizimu chomwe. Pa 11 Febuluwale Mandela anatuluka pa chipata cha ndende ya Victor Verster, atakhala m'ndende zaka 27.

Komabe zimandipweteka ndikamva ulemu wonse ukupita ku Moscow, ngati kuti anthu akuda ankangodikira atapinda manja. Bungwe la UDF la ku South Africa, lophatikiza magulu olimbana ndi tsankho, linayamba mu 1983 ndipo COSATU, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito, mu 1985, chaka chimenenso mabanki akunja anakana kuwonjezera nthawi yobwezera ngongole za dzikolo. Mu 1987 ogwira ntchito m'migodi ananyanyala ntchito kwa milungu itatu, ndipo nduna Kobie Coetsee inali itayamba kale kukumana ndi Mandela mwachinsinsi khoma la Berlin lisanagwe.

Mphepo yomweyi inafikanso kwathu kuno. Kamuzu Banda, amene anakhazikitsa ubale ndi Pretoria mu 1967 ndipo mayiko a azungu ankamulekerera chifukwa chodana ndi chikomyunizimu, anaona mayiko omwewo akuimitsa thandizo la chitukuko pa msonkhano wa ku Paris mu Meyi 1992, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.