Asayimenti imodzi yakugwetsa nde uthawire ku law?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri ku yunivesite, akuchita history. Akuti analemba asayimenti ya zomwe zinayambitsa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865, anayikamo zonse za mmanotsi, ukapolo, misonkho, ufulu wa ma state (zigawo za dzikolo zokhala ndi maboma awoawo), chisankho cha pulezidenti Lincoln, koma alekichala abweza pepala ndi malikisi ongopulumukira nkulemba pansi kuti sanayankhe funso. Bambo ake atamva akuti ndimanena ine, history sadyera, sintha upite ku law. Nde akufunsa kuti atani.

Makalata otere sasowa ikatha semesita. Mwana wanga, alekichala ako sanakulakwire. Iwe unatola mfundo nkuziunjika ngati tomato pa benchi, mulu uwu apa mulu uwu apo, pomwe ankafuna unene kuti chachikulu nchiti ndipo chinakoka bwanji zinazo. Ku Form 4 kuloweza kunkakupulumutsa, kuno ayi.

Funso lomwe linkawavuta anthu aku America aja linali lakuti dziko likamakula chakumadzulo, malo atsopanowo mukhale ukapolo kapena ayi. Gwira pamenepo. Pofika 1860 akapolo analipo pafupifupi 4 miliyoni, ndipo thonje lomwe ankalima linkaposa theka la katundu yense amene America inkagulitsa kunja, makina ochotsa njere a Eli Whitney a 1793 aja ndi amene anapangitsa kuti thonje likhale chuma chotere. Nde state iliyonse ili ndi mipando iwiri ku Senate, nyumba ya malamulo, kutanthauza kuti ikalowa yatsopano, pakati pa akummwera okhala ndi akapolo ndi akumpoto opanda akapolo, mbali imodzi yapeza mavoti ina yaluza. Nchifukwa chake mu 1820 anagwirizana kuti Missouri alowe ndi ukapolo, Maine alowe wopanda ukapolo, nkulemba mzere kuti kumpoto kwake ukapolo usadutse. Kenako nkhondo ndi Mexico ya 1846 mpaka 1848 inabweretsa malo ena ambirimbiri, mkangano nkuyambiranso. Mu 1850 California analowa opanda ukapolo koma akummwera anawapepesa ndi lamulo lolimba logwira akapolo othawa, ndipo taona izi, woweruza nkhani yoteroyo ankalandira madola 10 akagamula kuti munthu abwezedwe kwa mbuye wake, akamumasula madola 5 basi. Ukaika kanthu ngati aka mu esee alekichala amadziwa kuti wawerenga.

Kuchoka apo zinthu zinangothamanga. 1854 lamulo la Kansas-Nebraska linafufuta mzere uja nkunena kuti okhala komweko avote okha, anthu mpaka kuphana ku Kansas, chipani cha Republican nkubadwa chaka chomwecho chokana kuti ukapolo ufalikire. 1857 khoti lalikulu pa mlandu wa Dred Scott linati munthu wakuda sangakhale nzika komanso Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ilibe mphamvu yoletsa ukapolo mmalo atsopano. 1859 John Brown, wodana ndi ukapolo, anakaukira mosungira zida ku Harpers Ferry. Lincoln wa chipani cha Republican chija akupambana mu November 1860 ndi mavoti osafika bwinobwino 40 pa 100 aliwonse, osatenga state ngakhale imodzi ya akapolo, akummwera anaona kuti basi atha kulamulidwa popanda voti yawo. South Carolina anatuluka mu mgwirizano wa America pa 20 December, ndipo Lincoln asanalumbire nkomwe anali atatuluka ma state asanu ndi awiri.

Za ufulu wa ma state zija, usamangozikopera. Kasake pa intaneti chikalata chomwe South Carolina analemba potuluka, nchachifupi, utha kuchiwerenga pa foni. Dandaulo lawo lalikulu nlakuti akumpoto akukana kubweza akapolo othawa. Eti anthu omenyera ufulu wa ma state akukwiya kuti ma state anzawo akugwiritsa ntchito ufulu wawo? Misonkho nayo inavutadi koma inali 1832, pofika 1857 inali itatsitsidwa. Komanso usapite mbali inayi nkumalemba kuti akumpoto ananyamula mfuti chifukwa chokonda akapolo, Lincoln mu March 1861 ananena yekha kuti sakhudza ukapolo komwe ulipo kale, iwo ankafuna dziko lisagawanike, zomasula akapolo zinadzabwera 1863. Esee yako ikanati ifotokoze zonse ziwiri, chomwe chinatulutsa akummwera ndi chomwe chinapangitsa akumpoto kukana kuti apite.

Tsopano inu bambo. Mwana wabwera ndi pepala limodzi losayenda bwino inu mwapezerapo mpata wa maganizo omwe munali nawo kale, zimenezi zimanditopetsa. Fizi mukulipira ndinu, tikudziwa, koma mkalasi mukukhala iyeyo. Ndipo law mukunenayo mukuona ngati amakatani kumeneko? Nkuwerenga zigamulo zitalizitali ngati cha Dred Scott chomwecho nkutsutsa ndi umboni. Amene zamukanika pa masamba asanu a history sakazipeza zophweka kumeneko, komanso malo ndi ochepa, opikisana ndi ambiri, amayang'ana magiredi omwewa mukuti athawe.

Nawenso mwana wanga ndisakunamize, digiri ya history siyibwera ndi ofesi. Ambiri amakaphunzitsa ndipo ena amadikira nthawi yaitali boma lisanawalembe, malo ngati National Archives ku Zomba kapena ku museum salemba anthu chaka chilichonse. Omwe ndimaona akuyenda bwino ndi amene anaphunzira kufufuza ndi kulemba zomveka, amalowa utolankhani, kafukufuku wa mabungwe, ena law yomweyo atamaliza kaye digiri yoyamba.

Mkalata yako zaka zonse unazilemba molondola, nde mutu ulipo, ulesi woganiza ndi umene wachuluka. Lembanso ndime yoyamba yokha, mizere isanu, unene poyera kuti iwe ukuti chinayambitsa nkhondo nchiyani ndipo chifukwa chiyani zinazo zikutsatira pambuyo. Upite nayo ku ofesi ya alekichala sabata yomwe ino, usatume mnzako. Za kusintha kosi undilemberenso zotsatira za semesita ikubwerayi zikatuluka.