Tsiku la Benedict Woyera: pa 21 Malichi kapena pa 11 Julayi?

Mmodzi mwa owerenga, amene anabatizidwa dzina la Benedict, wanditumizira imelo yofunsa kuti tsiku lenileni la nkhoswe yakeyo ndi liti, popeza buku lakale la mapemphero la agogo ake limati pa 21 Malichi, pomwe ku parishi kwawo amakondwerera pa 11 Julayi.

Bambo, buku la agogo anu silinalakwitse, ndipo ansembe a ku parishi kwanu sanalakwitsenso. Kuyambira kale, Mpingo unkakumbukira woyera pa tsiku limene anamwalira, chifukwa akhristu oyamba ankaona imfa ya maritiri ngati kubadwa kwake kumwamba. Polycarp, episkopi wa ku Smyrna, ataphedwa cha m'ma 155, akhristu a mumzindawo analemba kuti anatola mafupa ake n'kuwasunga pamalo oyenera kuti azisonkhanapo chaka ndi chaka pa tsiku la imfa yake, ndipo mpaka lero timamukumbukira pa 23 Febuluwale. Mndandanda wa amaritiri umene unalembedwa ku Rome m'chaka cha 354 unaika kale Perpetua ndi Felicity, amayi amene anaphedwa ku Carthage mu 203, pa 7 Malichi.

Benedict, tate wa amonke a chipani chotchedwa ndi dzina lake, anamwalira ku nyumba ya amonke ya Monte Cassino, m'dziko la Italy, cha m'ma 547, ndipo mwambo umati linali tsiku la 21 Malichi. Vuto la tsikuli ndi lakuti chaka chilichonse limagwa Lachitatu la Phulusa litadutsa koma Pasaka isanafike, nyengo imene Mpingo sufuna kuti zikondwerero za oyera ziphimbe kulapa ndi kusala. Choncho Papa Paul VI atavomereza kalendala yatsopano mu 1969, chikondwererocho chinasamutsidwira pa 11 Julayi. Tsikuli silinangosankhidwa mwachisawawa, pakuti linkasungidwa kale kwa zaka mazana ambiri, ndipo ambiri amaligwirizanitsa ndi nkhani yakuti mafupa a Benedict anatengedwa kupita ku Fleury, m'dziko la France. Kunena zoona, a ku Monte Cassino sanavomereze konse kuti mafupawo anachoka kwawo, ndipo mkanganowo ndi wakalekale.

Oyera ena anakumana ndi zomwezo. Gregory Wamkulu anamwalira pa 12 Malichi 604, koma tsopano timamukumbukira pa 3 Sepitembala, tsiku limene anadzozedwa kukhala Papa mu 590. Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo, amene anamwalira pa 7 Malichi 1274, tsiku lomwe lija la Perpetua ndi Felicity. Kutchuka kwake kunachititsa kuti amayi awiriwo akankhidwire pa 6 Malichi, mpaka pamene kalendala ya 1969 inawabwezera tsiku lawo n'kusamutsira Thomas pa 28 Januwale, tsiku limene mafupa ake anafika ku Toulouse, m'dziko la France, mu 1369. Ine ndimaona kuti pamenepa chilungamo chinachitika, pakuti amayiwo anali eni tsikulo zaka chikwi Thomas asanabadwe.

Za inuyo, langizo langa ndi lakuti muzikondwerera pamodzi ndi parishi yanu pa 11 Julayi, chifukwa ndi pamene mapemphero a Misa amatchula nkhoswe yanu. Komabe musalitaye tsiku la agogo anu, popeza ngakhale a chipani cha Benedict amasungabe 21 Malichi m'nyumba zawo monga tsiku limene tate wawo anamwalira.