Miyendo yotupa ndi phuma musadikire nazo

Achemwali, kutupa miyendo ndi phuma la usiku mukunena kwa amayi anuko, musadikire nazo mpaka Lolemba ayi. Bambo anga zinawayamba chomwecho. Nsapato zinasiya kulowa, kamtunda kochokera kumsika ku Chinamwali ankakakwera mopumira, usiku akagona chagada ankabanika.

Tinapita nawo ku kachipatala kena kolipira. Dokotala wa pamenepo sanawayeze n'komwe BP! Lero ati ndi chifuwa, mawa ati zilonda za m'mimba, ndalama akungolandira. Achibale ena nawonso ali pambali, ati awalodza, tipite kwa asing'anga. Mpaka pano ndikadutsa pamalo paja mtima umandiwawa.

Usiku wina ndinawapeza atakhala pampando, thukuta lili kamukamu, pachifuwa pakulira, akutsokomola thovu. Mawu osatuluka, ankangondigwira dzanja mwamphamvu. Amayi anga akulira, ine ndikugogoda makomo a anthu kufuna galimoto, pakati pa usiku. Titafika kuchipatala cha Zomba Central anawaika pa okosijeni, n'kuwabaya jakisoni wa Lasix wochotsa madzi m'thupi. Adokotala anatifotokozera kuti BP inakhala yokwera kwa zaka osadziwika, mtima unatopa kupopa magazi, ndiye madzi anadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Kuyeza BP kwa mphindi zochepa kukanaonetsa vutoli kalekale.

Pano amamwa Lasix yemweyo ndi enalapril, mankhwala a BP ndi mtima, tsiku lililonse. Akamva bwino sasiya, mankhwala amenewa si a malungo oti mumamaliza. Mchere tinachepetsa, tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo wa patebulo tinachotseratu. Fodya ndi mowa anasiya. Shuga amayezetsanso, poti nayenso amawononga mitsempha.

BP ikamafika 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, ndi matenda, ngakhale munthu asakumva kalikonse. Amayi anu akangoti pachifuwa pakulemera ngati awaika mwala, ululu n'kumafika kumkono wamanzere kapena kunsagwada, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Tizipatala ta m'makwalalati ine sindikhulupiriranso. Komabe ngati pafupi nanu pali kena kapena famase yokhala ndi makina a BP, pitani nawo lero lomwe akayezedwe, manambalawo muwalembe m'buku lawo la kuchipatala, ndipo zimene akuuzeni kumeneko mumvere, osalimbana nawo.