Khosi ndi mapewa zikuwawa pa makina osokera: kodi lamba wowongola msana angathandize?

Mayi wina wosoka zovala watilembera imelo. Akuti amakhala pa makina kuyambira m'mawa, ndipo ikamati 3 koloko masana khosi limauma, pakati pa mapewa pamatentha, nthawi zina mutu umawawa chakumbuyo. Anzawo akuwauza kuti ayamba kuwerama. Akufunsa ngati agule lamba wowongola msana amene amatsatsidwa pa Facebook.

Mayi, ndalamazo sungani. Lamba amakokera mapewa kumbuyo pokhapokha mwamuvala. Mukamuvula thupi limabwerera mmene linalili, chifukwa minofu imene imayenera kugwira ntchito imeneyo sinalimbe.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Mukausuzumiritsa kutsogolo kuti muone singano, minofu ya kumbuyo kwa khosi ndi ya pamwamba pa mapewa imakhala yokokana nthawi yonseyo kuti mutuwo usagwe. Kutentha kuja ndi kutopa kwa minofu imeneyi. Cholakwa chachikulu ndi kukhala maola ambiri osasintha kakhalidwe. Ngakhale mutakhala chowongoka bwanji, mukapanda kusuntha padzawawabe. Choncho imirirani pakatha mphindi 30 kapena 40 zilizonse, ngakhale kungopita kukasita nsalu. Muonenso kuwala: makina akakhala pamdima, mutu umatsatira maso, ndiye asendezereni pafupi ndi zenera.

Masewera oyamba ndi okokera chibwano mkati. Khalani tsonga, maso kutsogolo, kokerani mutu wonse kumbuyo osauweramitsa, mpaka pansi pa chibwano pachite khwinya. Gwirani masekondi 5, masulani, bwerezani ka 10, katatu pa tsiku. Ambiri amalakwitsa pongoweramitsa mutu kuyang'ana pansi, ena amakoka mwamphamvu mpaka mitsempha ya m'mbali mwa khosi kutuluka. Mphamvu yofunika ndi yochepa kwambiri, chifukwa mukudzutsa timinofu ta mkati, kutsogolo kwa mafupa a khosi.

Kenako msana wa kumtunda. Pa mpando wokhala ndi chotsamira chofika pakati pa msana, ikani manja kumbuyo kwa mutu, tsamirani ndi kupindikira kumbuyo pamwamba pa chotsamiracho, ka 8. Popindika pakhale pa msana wa pachifuwa, osati m'chiuno. Chifuwa nacho chitambasuleni pakhomo: mikono yopinda pa felemu la chitseko, zigongono molingana ndi mapewa, phazi limodzi kutsogolo, masekondi 30 katatu.

Koma masewera amene amasinthadi zinthu ndi olimbitsa minofu, ndipo ndi amene anthu amawadumpha chifukwa kutambasula kumakoma msanga. Pezani chubu chakale cha njinga, chiduleni kuti chikhale chingwe chimodzi, ndipo muchotse valavu. Chikolekeni pa chinthu cholimba, molingana ndi chifuwa. Gwirani nsonga zonse ziwiri, kokerani zigongono kumbuyo moyandikana ndi nthiti, mafupa a kumbuyo kwa mapewa ayandikane. Bwererani pang'onopang'ono, masekondi atatu. Chitani ka 12, pumani mphindi imodzi, maulendo atatu, masiku atatu pa sabata. Mapewa akamakwera kupita kumakutu, mphirayo yakulimbirani, ndipo mukungotopetsa minofu yomwe ikuwawa kale ija. Sendererani pafupi. Ka 12 kakayamba kupepuka, bwererani m'mbuyo pang'ono kuti mphira ikokeke kwambiri. Musanayambe, onani ngati chubucho chilibe ming'alu, chifukwa chikaduka chimalasa kumaso.

Kuwawa pang'ono pochita masewerawa si vuto, bola kusapitirire 3 kapena 4 pa 10 (10 kukhala kuwawa kosapiririka) ndipo kuthe pofika mawa lake. Kukapitirira, chepetsani kuchuluka kwa masewerawo, osati kusiyiratu. Kuuma kwa khosi kumatha kuchepa m'masabata awiri oyamba, koma kuti minofu ilimbe pamafunika masabata 6 mpaka 8. Za kuwerama kumene anzanu akunena musadere nazo nkhawa kwambiri. Maonekedwe a msana amasintha pang'ono chabe, ndipo ululu umatha kuchoka msana ukuoneka chimodzimodzi.

Pali zizindikiro zimene masewera sangathetse. Ngati ululu ukutsikira m'mkono ndi dzanzi m'zala, dzanja likufooka mpaka kugwetsa sizasi, miyendo ikulemera kapena mukudzandira poyenda, pitani kuchipatala musanachite chilichonse mwa izi. Chimodzimodzinso ngati msana ukuwawa usiku osaleka, thupi likutentha, mukutuluka thukuta usiku ndi kuwonda: TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo imafuna mankhwala. Mukachita masabata 8 osaona kusintha, pemphani kalata yokaonana ndi a physiotherapy, akatswiri othandiza mavuto a minofu ndi mafupa kudzera m'masewera. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Mzuzu Central aliko, ndipo akhoza kukuyezani khosi ndi mapewa pamaso n'kukusankhirani masewera okuyenerani.