Ukufuna kupanga makatuni? Yamba wadumphitsa mpira

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo yomwe ndaiwerenga kangapo, mpaka mayi a kunyumba kundifunsa ngati ndi uthenga wa ngongole. Wailemba ndi mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3. Akuti amakonda kujambula, akufuna adzakhale wopanga makatuni ndi makanema a pa kompyuta, koma bambo ake akuti zidolezo sizidyetsa munthu, iwo akufuna mwana wawo adzakhale namwino. Ndiye akundifunsa kuti kodi ntchito imeneyi ilipodi, nanga munthu amayambira pati.

Mchemwali wanga, mawu a bambo akowo anditokosa chilonda chakale. Anga sananene kuti zidole, anati zopusa, koma nyimbo yake ndi yomweyo.

Ndili Sitandade 7 ndinali ndi kope la masamu lomwe m'makona mwake munali modzaza. Pakona ya m'munsi ya tsamba lililonse ndinkajambulapo kamunthu ka timizere, tsamba lotsatira kamunthu komweko koma mwendo nditausuntha pang'ono. Ukawapukusa masambawo ndi chala chachikulu, kamunthu kaja kankathamanga, kumenya mpira, kenako kugwa chagada. Anzanga ankandipatsa zitumbuwa kuti ndiwajambulire m'makope mwawo, ndipo amenewo ndiwo anali malipiro anga oyamba pa ntchito ino. Tsiku lina aphunzitsi anandigwira, zikoti zitatu pompo, kope n'kulitumiza kunyumba. Bambo anga anali kalaliki, munthu wodziwa kuti kope limodzi ndi ndalama zingati. Analipukusa kamodzi, kachiwiri, ndipo mpaka lero ndimalumbira kuti ndinaona pakamwa pawo pakufuna kuseka. Kenako anandiyang'ana n'kuti, "Kodi udzadya zimenezi?"

Nthawi imeneyo wailesi yakanema ya dziko lathu inali itangoyamba kumene, mu 1999, ndipo makatuni tinkawaonera kwa aneba titaunjikana pa zenera. M'mutu mwanga simunabwerepo zoti zimenezo amapanga ndi anthu, anthu oti amadzuka m'mawa, kusamba, kupita ku ntchito kukajambula mbewa. Ndinkayesa zimangochokera m'kanemamo. Iwe bola ukudziwa kuti ndi ntchito. Ine ndinadziwa ndili ndi ndevu kale.

MSCE sinayende bwino, ndisabise. Masamu ndinagwa, chifukwa kope lake ukulidziwa kale zomwe linkagwira. Ndinapeza ganyu pa kafe ya intaneti, kutaipira anthu makalata ofunsira ntchito, kenako makhadi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, maposita a misonkhano ya chitsitsimutso. Kuchoka apo ndinayamba kulumikiza makanema a maukwati, aja okhala ndi mayina a akwati akuuluka kuchokera kumwamba, mitima ikuphulika m'mbali. Ndikawaona lero ndimabisa nkhope, koma ndi omwe anandigulira laputopu yoyamba. Zimene anthu amati multimedia kwathu kuno nthawi zambiri ndi zimenezi, munthu mmodzi ajambule, alumikize kanema, akonze mawu, apange posita, mawa lake akathamangitse kasitomala yemwe wasiya kuyankha foni.

Ntchito yanga yoyamba ya animation yeniyeni, ndiko kuti kuyendetsa zojambula kuti zikhale katuni, inachokera ku bungwe lina, dzina lake tilisiye. Ankafuna katuni ya mphindi imodzi, mwana akuchokera kuchimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, basi. Ndinatchula mtengo ngati wa maposita atatu, ndikudzitama mumtima kuti ndawadyera. Nditakhala pansi ndi pamene ndinachita masamu omwe ndinathawa kusukulu aja. Filimu imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse. Ojambula pamanja amapeputsa pojambula 12, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Ngakhale utero, mphindi imodzi ndi zithunzi 720. Ine ndinali nditalonjeza kuti pakutha pa sabata katuni ikhala itapsa.

Inatenga masabata asanu. Usiku womaliza ndinaisiya kompyuta ikupanga render, ndiko kuti ikuphika zithunzizo chimodzichimodzi kuti zikhale kanema. Itatsala pang'ono kumaliza, magetsi phethi. Batire ya laputopuyo inafa kalekale, ndiye zonse zinapita, poti ndinaiuza kuti iphike kanema mmodzi wathunthu. Sunga ichi, chidzakupulumutsa tsiku lina: uziiuza kompyuta izisunga chithunzi chilichonse pachokha m'foda, magetsi akazima pa chithunzi cha 600, ukayatsanso umayambira pa 601. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi misozi, 3 koloko m'bandakucha.

Nditakapereka, mayi wina wa m'bungwemo anaonera kawiri n'kunena kuti, "Mwanayu bwanji akuyenda ngati waponda minga?" Onse anaseka. Anandipatsa theka la ndalama, theka linalo anati dzina langa lidziwika. Dzina silinagulepo ufa, ndipo pa za ndalamazo mpaka pano sindinawakhululukire. Koma za mwanayo ananena zoona. Ndinali ndi zaka zoposa 25 ndikuyenda ndi miyendo yanga, koma sindinkadziwa kuti munthu amayenda bwanji.

Ndinayamba kumakhala pa depoti ndi kakope, kuonerera anthu. Pena mavenda ankandiyesa wapolisi wobisala. Kumeneko ndinaona kuti mayi akasenza ndowa ya madzi, mutu sugwedezeka, umayandama mowongoka, ntchito yonse yagwera m'chiuno ndi m'mawondo. Wakabaza akafika pokwera amaimirira, njinga imapendekera uku, thupi lake uko. Agogo akafuna kudzuka pa mphasa sangonyamuka ayi, amayamba atsamira kutsogolo, dzanja pa bondo, kupuma kaye, kenako thupi n'kutsatira. Munthu asanadumphe amayamba wanjuta. Asanaponye mwala mkono umabwerera m'mbuyo. Ojambula awiri a ku Disney, Frank Thomas ndi Ollie Johnston, analemba zimenezi mu 1981 ngati mfundo 12 za animation, ndipo mpaka lero aliyense wa ntchito ino amazidziwa pamtima, koma ine ndinayamba kuziona pa depoti ndisanamve mayina awo. Ukafuna sukulu yeniyeni, kaonerere gule wamkulu. Chinyau chilibe nkhope yosintha, koma umadziwa kuti chakwiya kapena chikunyoza ndi mapewa ndi mapazi okha.

Apa ndiye ndiuma pang'ono, undikhululukire. Ndatopa ndi achinyamata ondifunsa kuti, "Bwana, mumagwiritsa software yanji?" Funso limeneli lili ngati kufunsa mayi wophika bwino kuti mthiko wawo anagula kuti. Ndatopanso ndi timasukulu tolonjeza kuti pa miyezi itatu ukhala katswiri, fizi yake yoti bambo ako agulitse mbuzi zonse, m'kalasimo makompyuta anayi, ophunzira 30, mphunzitsi naye anaphunzira mwezi watha pa YouTube. Pepala lomwe amaperekalo palibe kasitomala anandifunsapo. Amene akufuna ntchito amati, "Tationetsani zomwe munapangapo." Basi. Ndipo ndinene poyera, ambiri amene amati amakonda animation amakonda kuonera makatuni. Kuonera ndi kupanga ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati kudya nsima ndi kupalira m'munda mu January. Ntchito ino ndi kukhala pa mpando masiku atatu kukonza masekondi anayi, msana ukuwawa, kenako wina n'kukuuza kuti chigongono sichikupindika bwino. Ngati zimenezo sizikukoma ngakhale pang'ono, unamwino ndi ntchito yabwino kwambiri, usaione ngati chilango.

Bambo akonso sakunama kwenikweni. Kwathu kuno sindingakulozere nyumba yoti ukalowe ndi kalata n'kulembedwa ntchito yojambula makatuni mwezi ndi mwezi mpaka penshoni. Ndalama zili m'zotsatsa malonda, makanema a oimba, mauthenga a mabungwe, ndi nyengo ya kampeni. Miyezi ina umadya nkhuku, ina bonya wa ngongole. Ngakhale kunja si kumwamba. Mu February 2013 kampani ya ku California ya Rhythm & Hues, yopanga zithunzi za pa kompyuta za m'mafilimu, inagwa ndi ngongole, anthu ambiri n'kuchotsedwa ntchito, ndipo pasanathe masabata awiri ntchito yake ya m'filimu ya Life of Pi inalandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America. Chikomekome cha mkuyu. Tsopano kwabweranso AI, mapulogalamu opanga okha zithunzi ukangowauza chomwe ukufuna, ndipo maposita aja omwe ine ndinayambira, makasitomala ena akungodzipangira okha pa foni, zala zisanu ndi chimodzi pa dzanja la m'busa koma iwo osadandaula. Makwerero omwe ine ndinakwerera akuthyoka, sindikubisira.

Koma pamene bambo ako akulakwitsa ndi apa. Tangoyang'ana tsidya la Mchinji. Malenga Mulendema, mayi wa ku Zambia, anatumiza nkhani yake ku mpikisano wa Triggerfish, situdiyo ya makatuni ya ku Cape Town, mu 2015. Nkhani yake inali ya atsikana anayi a sukulu a mu Lusaka opulumutsa mzinda wawo. Panadutsa zaka 8, koma mu July 2023 Supa Team 4 inatuluka pa Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, katuni yoyamba ya ku Africa yomwe Netflix inapangitsa, olemba ake onse amayi. Taona chimene iye anapita nacho. Sanapite ndi kompyuta yamphamvu, anapita ndi nkhani ya kwawo. Maonekedwe a atsikanawo anajambula wina, Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo ntchito ino imayenda choncho, wina alemba, wina ajambula storyboard (zithunzi zoonetsa ndondomeko ya nkhaniyo), wina aumba thupi, wina aikamo mafupa oti lizipindika, wina aliyendetsa, wina aika kuwala, wina mawu. Suyenera kudziwa zonse mofanana.

Ndiye pali Flow, filimu ya mphaka wothawa chigumula, yopanda mawu a munthu ngakhale amodzi. Anaipanga Gints Zilbalodis wa ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni, ndipo mu 2025 inatenga Oscar pamaso pa makampani akuluakulu a ku America. Anaipangira mu Blender, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira makatuni. Blender ndi yaulere kuyambira 2002, pamene anthu wamba anasonkha ma euro 100,000 kuti aiwombole ikhale ya aliyense. Zaka zonse ndinkavutika pa kafe paja ndi mapulogalamu obedwa odzaza mavairasi, chipangizo chimenechi chinalipo, chaulere, ine osadziwa. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa kuposa za theka la ndalama lija.

Chimene chimandinyansa ndi choti ife tikapeza mpata timapanga makatuni olankhula Chingerezi cha m'mphuno, ana okhala m'nyumba zomwe sitinazionepo. Agogo anga ankati akayamba "padangokhala", ife "tilitonse", Kalulu ankaoneka m'maso mwathu popanda magetsi. Nthano zimenezo zikupita ndi eni ake kumanda. Ndilibe mphamvu zonyozera ena kwambiri, chifukwa inenso ndili ndi filimu yanga ya Kalulu ndi Njovu yomwe ndinaiyamba zaka 6 zapitazo. Yafika masekondi 40. Njovuyo chitamba chake chimandikanabe.

Ndiye uchite chiyani?

Sukulu usaisiye, usaiseweretsenso. Kuyunivesite amafuna makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo masamu udzawapeza akukudikira m'makatuni a 3D, aja ooneka ngati zoumba, ma angle ndi ma graph omwewo. Ku UNIMA ku Zomba kuli maphunziro a zojambula ndi zisudzo, ku MUBAS ku Blantyre kuli za makompyuta ndi utolankhani, zonsezi ndi misewu yolowera. Gula kope limodzi losakhala la masamu, uzijambula anthu enieni tsiku lililonse. Ngati pakhomo pali foni, ikamo FlipaClip, pulogalamu yojambulira makatuni, kapena umba ng'ombe yadongo uziisuntha pang'onopang'ono ukuijambula ndi Stop Motion Studio. Ukapeza kompyuta, Krita, yojambulira, ndi Blender ndi zaulere, maphunziro a Triggerfish Academy pa intaneti nawonso ndi aulere, bandulo yokha ndiyo ndalama. Koma choyamba jambula mpira ukugwa, kudumpha, kudumphanso mochepa, mpaka kuima. Uphwatalale ukagunda pansi, uchedwe ukafika pamwamba. Panga wa chikopa, kenako wa mapepala omanga ndi zingwe, munthu athe kusiyanitsa osauzidwa. Ukabwereza ka 20 ukadali ndi chilakolako, undilemberenso.

Bambo ako usakangane nawo. Fomu 3 si nthawi yolumbira za moyo wonse, ndipo namwino wodziwa kujambula si tchimo. Uziwabweretsera lipoti labwino, pambali pake kanthu komaliza ka masekondi 10, osati maloto a pakamwa. Makolo athu anaona njala, amakhulupirira chinthu chogwirika.

Bambo anga anapuma ntchito, ali kumudzi. Chaka china katuni yomwe ndinapangira bungwe lina inaonetsedwa pa TV nthawi ya nkhani, mlongo wanga n'kuwauza kuti ndi ntchito yanga. Anandiimbira usiku womwewo, chinthu chomwe sachita, poti amati mayunitsi ndi ndalama. Anati, "Ndaona. Kamwanako kakuyenda ngati munthu." Ndinakhala chete, kukhosi kutatsekeka. Kenako anatsokomola n'kufunsa ngati anthu amenewo amapereka penshoni.