Za sikani ya MRI ya mwana wosamva

Achemwali, mwafunsa ngati MRI (sikani yoonetsa za mkati mwa thupi) yomwe adokotala akufuna kumujambula mwana wanu asanamuike cochlear implant (kachipangizo kothandiza kumva komwe amaika m'khutu pa opaleshoni) ingaonetse kuti adzalankhula bwino kapena ayi. Pakadali pano ayi ndithu. Iwo akufuna aone mkati mwa khutu ngati cochlea (kachiwalo kooneka ngati nkhono komwe kamalandira mawu) inapangika bwino komanso ngati mtsempha wotengera mawu ku ubongo ulipo, chifukwa ukapanda kukhalapo kachipangizo kaja sikagwira olo opaleshoni itayenda bwino bwanji. Mwanayo mwina amugoneka ndi mankhwala kuti asamagwedezeke mu mashinimo, musachite mantha.

Zolosera zomwe mwamvazo zilipo koma zikadali pa kafukufuku. Mu 2018 gulu la Patrick Wong wa ku Hong Kong ndi Nancy Young wa ku Chicago linapatsa kompyuta zithunzi za MRI kuti ilosere ana omwe adzagwire mawu msanga, ndipo anapeza kuti mbali za ubongo zomwe kusamva sikunazikhudze ndi zomwe zimalosera bwino. Cholinga ndi kudziwa mwana wofunika thandizo lochuluka akamaphunzira kulankhula, osati kumumana implant.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi nthawi, ubongo umalandira mawu mosavuta mwana asanakwane zaka 3 ndi theka ndiye musazengereze, kuno ku Johannesburg chipatala cha Chris Hani Baragwanath chili ndi pulogalamu ya ma implant, pemphani audiologist (katswiri woyeza kamvedwe ka makutu) akulembereni kalata. Podikirapo muzimuyang'ana kumaso pomusambitsa ndi pomudyetsa phala, muzimulankhula Chichewa chathu chomwechi, ndipo yambani naye chinenero chamanja, South Africa inachivomereza mwalamulo mu 2023.